Tobias Sadzavotanso

"Ngati sukufuna kudya, ingonena kuti wakhuta. Usatinyozere nyama," anatero Wemin, uku akudula nthiti za nkhosa pamasamba a nthochi.

"Sindikunyoza nyama, bambo. Ndangofunsa kuti katoni ya nyama imeneyi tailipira ndi chiyani," anayankha mwana wake Salome.

"Sitinalipire kanthu. Ndi mphatso. Bwana Wamalata amatikumbukira."

"Amatikumbukira kamodzi pa zaka zisanu, kukatsala masabata atatu kuti tivote."

Kauna, mkazi wa Wemin, anali pamoto akutembenuza mbatata m'phulusa, ndipo sanadzutse mutu. Linali tsiku lachitatu chibwerere Salome kuchokera ku yunivesite ku Mosbi, likulu la dziko, kumene ankaphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo masiku atatu onsewo m'nyumba simunachoke phokoso. Aphunzitsi ake anamutuma kuti akaone mmene anthu a kwawo ku Yombai amavotera, akalembe zimene waona. Phungu wa deralo, amene anthu anangomutcha Wamalata chifukwa chogawa malata nthawi ya kampeni, ankafuna kubwereranso pampando.

"Mayi a Salome, mukumumva mwana wanuyu?" anatero Wemin. "Ine ndinkathyola khofi mpaka zala kuchita matuza, ndinkati ndikuphunzitsa munthu woti adzakhale pafupi ndi akuluakulu. Sindinadziwe kuti ndikunola mpeni wodzandicheka ine ndemwe."

"Bambo, ine sindikulimbana nanu. Lamulo likuti munthu aliyense alowe yekha pobisika, alembe anthu atatu amene wawakonda, woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Silikunena kuti bambo aakulu a Gende azilembera mudzi wonse."

"Lamulo la ku Mosbi limathera pamlatho paja. Kuno bokosi ndi la fuko. Mutu umodzi susenza denga. Tikamwaza mavoti ngati nkhuku zikupalasa, adzatidziwa ndani? Achimwene akalemba, bwana amaona kuti Yombai ndi wake, ndiye amatiwerengera."

"Nanga kachipatala kathu kaja kanatsekedwa ine ndikukwawa, amakawerengera?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe. Chipatala ndi mawu chabe. Nyamayi ukuiona ndi maso."

Salome anatembenukira kumoto. "Amayi, inu mwavotapo kangati?"

"Kasanu," anatero Kauna.

"Pepala lake limakhala lamtundu wanji?"

Kauna sankadziwa. Pa zisankho zisanu zonsezo ankaima pamzere, dzina lake likaitanidwa ankapereka chala kuti achiviike mu inki, ndipo pepala linkachoka m'manja mwa woyendetsa chisankho kupita m'manja mwa Gende, mkulu wake wa Wemin. Iye ankabwerera kumunda ndi chala chakuda. Anali asanaganizepo kuti pepalalo lili ndi mtundu.

"Usawachititse manyazi amayi ako," anatero Wemin.

"Sanandichititse manyazi," anatero Kauna motsitsa mawu. "Wangondifunsa."

Lachisanu la sabata yomweyo Salome anakwera basi kupita kutauni ya Kundiawa, ndipo anabwerako masana ndi mapepala ambiri m'thumba lake loluka. Anapeza amayi ake akuyanika khofi papulasitiki kuseri kwa nyumba.

"Uyu ndi kaundula wa ovota a ku Yombai, amayi. Aliyense ali ndi ufulu womuona, kungoti anthu sadziwa."

"Ine ndilimo?"

Salome anatembenuza mapepala n'kuloza ndi chala. "Banja lililonse lili pagulu pake. Lathu ndi ili. Inu muli apa. Kauna Wemin, mkazi, mlimi."

Kauna anapukuta manja pasiketi n'kuweramira papepalalo. Zilembo sankazidziwa, koma zinamukomera kuti boma la kutali ku Mosbi linamusungira kamalo. Asanakhutire, Salome anatembenuza tsamba.

"Werenga enawo ndimve," anatero Kauna. "Yamba a kumtunda kuja."

Salome anayamba kuwerenga, amayi ake akuvomera ndi mutu. Atafika pa dzina la Bomai Kua, Kauna anasiya khofi.

"Ameneyo anamwalira chaka cha chisanu choopsa chija, mbatata zitapserera m'munda."

Salome anaika kachizindikiro ndi pensulo n'kupitiriza.

"Uyo anamira mumtsinje iwe usanabadwe. Uyo ndinamuphikira ndine pamaliro. Uyonso." Pofika tsamba lachitatu, Kauna anayamba kuseka. "Kodi kumanda kuli basi yowabweretsa anthuwa? Nanga akavota amabwerera okha?" Kenaka kuseka kunamuthera. "Salome, pa banja lathu paja wandiwerengera ine ndekha."

"Bambo alimo, inenso ndilimo."

"Zilembo sindizidziwa, koma mizere ndimatha kuiwerenga. Pagulu lathu panali mizere inayi."

Salome anazengereza, koma maso a amayi ake sanamuchoke. Anabwerera pa tsamba lija n'kuwerenga mosakweza mawu. "Tobias Wemin, mwamuna, zaka makumi awiri ndi zinayi, mlimi."

Kauna anakhala pansi padothi. Tobias anali mwana wake woyamba. Anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali kumsana kwa amayi ake pamsewu wa ku Kundiawa, chifukwa kachipatala ka ku Yombai kanali katatsekedwa. Amene anayenda naye tsiku limenelo anali Regina, namwino wa pakachipatalako, yemwe ntchito itatha sanachoke m'deralo. Regina ndiye anamuuza kuti aime, amasule nsalu, ulendo watha.

"Mlimi," anatero Kauna. "Analima kuti? Fosholo inkamuposa msinkhu."

Salome anayamba kupinda mapepala aja.

"Ndiye kuti chisankho chathachi anavota?"

"Dzina lake linavota, amayi."

"Anasankha ndani?"

"Amene bambo aakulu anamusankhira."

Kauna sanalire. Anadzuka n'kupitiriza kusalaza khofi ndi manja mpaka kumapeto kwa pulasitiki. Atamaliza anati, "Undiphunzitse kulemba pepala lija."

Anayamba mawa lake kumunda wa mbatata. Salome anabweretsa chipepala chachikulu cha zithunzi za opikisana, aliyense ali ndi nambala pansi pa nkhope yake, ndipo anawauza amayi ake kuti sayenera kudziwa kulemba mayina, angolemba manambala atatu. Kauna anayang'ana nkhopezo imodziimodzi. Wamalata analipo atavala tayi. Chakumunsi kunali mkazi mmodzi yekha, ndipo anali Regina, tsitsi litayera. Kauna anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga iwe ukuona kuti woyenera ndi uti?" anafunsa.

"Chimenecho sindikuuzani, amayi. Ndikakuuzani ndiye kuti ndasanduka Gende wachiwiri. Ndikuphunzitsani manambala onse khumi, zotsalazo mudzaona nokha."

Kauna ankalemba padothi ndi kamtengo, kufufuta ndi phazi, kulembanso. Tsiku lachiwiri anawapeza Dini, mkazi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, amene pakamwa pake pankaopedwa ndi mudzi wonse. Sabata isanathe akazi anali khumi ndi awiri, mafosholo atawaimika m'mphepete mwa munda.

"Taonani 5 wangayu, akuoneka ngati nkhumba ya bere," anatero Dini. "Mwana wa Kauna, tandiuza, Wamalatayu chipani chake ndi chiti?"

"Chisankho chathachi analowa ndi china, mayi. Atafika ku nyumba ya malamulo anasamukira cholamula, ndipo boma litasintha anasamukanso. Pano ali ndi chachitatu."

"Ndiye ali ngati malemu amuna anga. Paliponse pofuka utsi panali kwawo."

Akazi anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Wina anati munthuyo asinthe zipani mmene angafunire, bola ndi wopatsa, poti malata amagula ndi ndalama zake.

"Si za m'thumba mwake, mayi," anatero Salome. "Ndi ndalama zimene boma limapereka ku dera lathu chaka ndi chaka, za misewu, sukulu ndi zipatala. Zimachokera mu msonkho. Mukagula mchere kapena mpunga kusitolo, mwaponyamo kale yanu."

Dini anaponya kamtengo pansi. "Ndiye kuti zaka zonsezi munthu amatibera nkhumba, n'kutibwezera mchira, ife n'kumamuvinira?"

Kauna ankamvetsera mwana wake akufotokoza zinthu zimenezi mosadzikweza, akubwereza kawiri katatu kwa amene sanamve, ndipo mumtima ankangothokoza. Anali asanamvepo munthu wophunzira akulankhula ndi akazi a kumunda ngati anthu oti angamvetse.

Nkhani siigona m'mudzi. Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, Gende anafika pakhomo atavala jekete imene Wamalata anamupatsa. Anakana mpando. Kauna anali atamuuza kale mwamuna wake za Tobias, ndipo kuyambira tsikulo Wemin ankadya mosalankhula.

"Wemin, m'nyumba mwako mwalowa njoka, iwe ukuti ndi chingwe," anatero Gende. "Akazi asiya kukumba mbatata, akulemba padothi ngati ana a sukulu."

"Achimwene, ndamva kuti Tobias ali m'kaundula."

"Alimo. Ndinamulembetsa ndine. Amayi athu alimo, atate alimo. Munthu akafa sachoka m'fuko. A tsidya la mtsinje ali ndi mayina chikwi, ife amoyo sitikwana ndi theka lomwe. Tikapanda kuitana akufa athu, bwana adzationa ngati chiyani? Mwana wako akugwirira ntchito mudzi. Uzinyadira."

"Alamu," anatero Kauna, "kachipatala kaja kakanakhala kotsegula, bwenzi mwana ameneyo akuvota ndi chala chake."

"Alamu, amuna akamalankhula, mkazi amasonkhezera moto."

"Bambo aakulu, kuvota m'dzina la wakufa ndi mlandu," anatero Salome. "Munthu akhoza kumangidwa nazo."

Gende anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe ndinakunyamula uli ndi mamina. Ukuyesa mabuku ako adzakufunditsa moto ukayaka? Chosamva anachiphikira m'masamba." Anatembenukira kwa mng'ono wake. "Tamvera, Wemin. Bokosi la Yombai likatuluka lamawangamawanga, malata a tchalitchi sabwera. Amuna amene alonjezedwa ntchito ya msewu adzafunsa kuti wawatayira chakudya ndani, ndipo ine sindidzatha kuwagwira manja. Nyumba yaudzu siichedwa kupsa. Ndanena ngati mkulu wako."

Gende atapita, Wemin anatembenukira kwa mkazi wake ndi mwana wake.

"Mwamva nonse," anatero. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Achimwene ndi achimwene, ndipo tikukhala pa nthaka ya fuko. Salome, iwe ulembe za sukulu zakozo, koma pakamwa utseke. Mayi a Salome, za kumunda zija zithe."

"Nanga Tobias?"

"Tobias anagona. Dzina silimva kuwawa."

"Ine ndimamva," anatero Kauna.

M'mawa mwake popita kukatunga madzi, Kauna anaona mwamuna wake atagwada pa kamanda ka Tobias kumunsi kwa munda wa khofi, akuzula udzu ndi manja. Anadutsa ngati sanamuone. Kumunda wa mbatata akazi anasiya kusonkhana, koma Kauna ankalembabe manambala m'phulusa akamaphika, n'kumafufuta wina asanalowe.

Tsiku lovota linafika kuli dzuwa. Anthu anadzaza bwalo la sukulu. Oyendetsa chisankho anabwera ndi apolisi awiri, ndipo wamkulu wawo anali mphunzitsi wochokera kugombe, munthu wowonda amene ankaoneka kuti akungofuna kuti tsikulo lithe bwino abwerere kwawo. Anaimika timalo tobisika ta makatoni monga mwa lamulo, koma Gende anali atakhala kale pampando pafupi ndi tebulo, cholembera chili m'manja. Salome anaima chapatali atavala khadi la oonerera chisankho limene yunivesite inamupatsa. Woonerera saloledwa kulankhula, ndipo iye anangogwira kabuku kake.

Kaundula anayamba ndi banja la Gende, ndipo mapepala onse anathera m'manja mwake. Kenaka mphunzitsi uja anaitana, "Wemin Teine."

Wemin anapita, anaviika chala, analandira pepala n'kulipereka kwa mkulu wake osamuyang'ana kumaso.

"Kauna Wemin."

Kauna anapita kutebulo. Anaviika chala. Mphunzitsi atatambasula dzanja kuti apereke pepala kwa Gende monga ankachitira, Kauna analigwira pakona, ndipo mphunzitsiyo analisiya. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira.

"Bweretsani, alamu," anatero Gende.

Kauna sanapereke. Komanso sanathe kusuntha kupita ku makatoni aja. Anangoima, pepala lili pachifuwa, maso a mudzi wonse ali pa iye, ndipo manambala onse anamuthawa m'mutu.

Gende anaseka. "Asiyeni aime, akatopa abweretsa. Aphunzitsi, pitirizani."

Dzina la Salome linaitanidwa, iye n'kunena kuti adzavota kumapeto. Mphunzitsi anatsitsa chala pamzere wotsatira.

"Tobias Wemin."

M'gulu munatuluka mwamuna wandevu wa tsidya la mtsinje, mnzake wa Gende wa kumowa, chala atachitambasula kale. Anadutsa pafupi ndi Kauna akununkha fodya.

"Tobias," anatero Kauna.

Mwamunayo anaima.

"Tobias, mwana wanga, wakula chonchi? Ndi ndevu zomwe? Bwanji sunabwere kunyumba kudzandipatsa moni?"

Anthu ena anaseka. Mwamunayo anayang'ana kwa Gende.

"Usayang'ane kumeneko, yang'ana kuno kwa amayi ako. Unayamwa bere ili. Tandiuza, pamsewu paja unandipempha chiyani? Mawu ako omaliza aja, tawanena anthu amve."

Kuseka kunatha. Pabwalo panangomveka mwana wakhanda akulira chakumbuyo.

"Unandipempha madzi," anatero Kauna. "Ndinalibe."

"Aphunzitsi, mkaziyu wazungulira mutu," anatero Gende. "Mpatseni Tobias pepala lake."

Mwamuna uja anasendeza chala ku botolo la inki, koma dzanja lina linamugwira pamkono. Anali Wemin. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga ndinamukumbira ndekha manda. Ndikudziwa pamene ali. Aphunzitsi, dzina limenelo lidutseni mzere."

"Wemin, ukudziwa chimene ukuchita?" anatero Gende ataimirira.

"Achimwene, ndakumverani moyo wanga wonse, ndipo pepala langa ndakupatsani. Koma mwanayu mundisiyire."

Mphunzitsi anayang'ana apolisi, anayang'ana khadi la Salome ndi kabuku kamene ankalembamo, kenaka anatenga rula n'kudutsa mzere pa dzina la Tobias. Wandevu uja anabwerera m'gulu mutu uli pansi.

Pamenepo Kauna anapeza kuti miyendo yake yamasuka. Anayenda mpaka ku makatoni aja n'kuweramira mkati. Munali cholembera chomangidwa ndi ulusi, ndi chipepala cha zithunzi chija. Anatenga cholemberacho. Manambala anabwerera limodzilimodzi. Analemba m'kabokosi koyamba ka papepalapo, kachiwiri, kachitatu, mosafulumira, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa munthu wina aliyense tsikulo. Atapinda pepala n'kuliponya m'bokosi, anamva mphunzitsi akuitana dzina lina.

"Bomai Kua."

"Ali kumanda," anayankha Dini mokweza. "Ngati alipo wina akufuna kukhala Bomai, abwere ndimufunse za nkhwangwa yanga."

Palibe anatuluka. Mphunzitsi anadutsa mzere. Kuyambira pamenepo, dzina la wakufa likaitanidwa, pankapezeka womuyankhira. "Ali kumanda, ndi amayi anga." "Ali kumanda, ndinamusambitsa ndine." Poyamba ankayankha akazi okha, kenaka amuna achikulire anayamba nawo. Ambiri ankaperekabe mapepala awo kwa Gende, makamaka amuna, koma ena ankamudutsa n'kupita ku makatoni. Nkhalamba ina yosaona bwino inapempha kuti ilowe ndi mdzukulu wake wamkazi woti ailembere, ndipo mphunzitsi, amene tsopano mawu ake anali atalimba, anati lamulo limalola munthu kusankha yekha womuthandiza.

Gende anachoka dzuwa lisanapendeke. Podutsa pafupi ndi Wemin anati, "Kuyambira lero ndilibe mng'ono."

Nyumba sinapse. Koma patapita masiku anayi, Wemin atatsikira kumunda m'mawa anapeza mitengo ya khofi makumi atatu itadulidwa patsinde, zipatso zili mbwee pansi. Anakhala pachitsa, chipewa chili m'manja. Kauna anaima pambali pake, ndipo mtima unamuwawa chifukwa mitengo imeneyo anabzala limodzi chaka chimene anakwatirana.

"Walira mvula walira matope," anatero Wemin. "Musandiyang'ane choncho, mayi a Salome. Sindikudandaula."

Asanabwerere kunyumba anamva mawu panjira. Anali Dini ndi akazi ena aja, aliyense atanyamula mbande za khofi m'thumba loluka, ndipo kumbuyo kwawo kunali amuna asanu ndi mafosholo. Mmodzi anali mwana wa malemu Bomai. Palibe anatchula amene anadula, ngakhale onse ankamudziwa.

"Sunthani, bambo, mukutitsekera dzenje," anatero Dini. "Kulira mukalirire kunyumba. Ife tabwera kudzagwira ntchito."

Anabzala mpaka masana. Kauna anawotcha mbatata ndi masamba pamiyala yamoto, ndipo powagawira ankagwira dzanja la aliyense ndi manja awiri.

Kuwerenga mavoti ku Kundiawa kunatenga masabata awiri, ndipo Salome anakhala komweko akuonerera. Anabwera Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe, atatopa, fumbi lili m'tsitsi. Makolo ake anali pakhonde.

"Wapambana ndi Wamalata," anatero asanakhale n'komwe.

"Tamva pa wailesi," anatero Wemin. "Malata a tchalitchi akuti apita tsidya lija."

"Nanga a Regina?" anafunsa Kauna.

"Anathera pa nambala yachitatu, amayi, pa anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Powerenga ankachotsa wotsalira mmodzimmodzi, ndipo akuluakulu ambiri anagwa iwo akadali chiimire, chifukwa anthu ochuluka anawalemba pachiwiri ndi pachitatu. Akuti adzaimanso. Ndipo aphunzitsi aja anasaina kalata ya mayina onse amene anadutsidwa mzere, makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Ndakaipereka ndekha kuti awachotse m'kaundula."

Wemin anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. "Ine pepala langa lija ndinapereka," anatero. "Zaka zisanu ndi zambiri, koma ndidikira. Usanabwerere kusukulu undionetse nanenso manambala amenewo. Koma osati pamaso pa Dini."

Salome anaseka, ndipo Kauna anamukoka kuti akhale pafupi. Anamuchotsa kaudzu m'tsitsi.

"Mwana wanga, ine ndilibe mawu a kusukulu. Unabwera kudzalemba za ife, koma sunatiyang'ane ngati nkhumba za pamsika. Unakhala nafe padothi. Zikomo. Ukawauze aphunzitsi ako kuti mayi wina wa ku Yombai wathokoza."

"Ndikawauza, amayi."

"Nanga m'bokosi lathu lija munatuluka zotani?"

"Ambiri analembabe Wamalata poyamba. Ena anamwazikana. A Regina anapeza mavoti makumi anayi ndi imodzi."

Kauna anawerenga chamumtima. "Pepala langa linalimo m'gulu la owerengedwa? Sanalitaye?"

"M'bokosi lathu munatayidwa awiri okha, ndipo onse anali osalembedwa kanthu. Lanu linawerengedwa."

"Unaliona? Unadziwa kuti ili ndi la amayi?"

"Ayi. Palibe angadziwe, ngakhale ine, ngakhale bambo aakulu, ngakhale nduna yaikulu ku Mosbi. Mukudziwa ndinu nokha."

Kauna anaganizira zimenezi. Munda unali wa fuko, nkhumba zinali za mwamuna wake, ngakhale nkhani za m'nyumba mwake mudzi unkazidziwa dzuwa lisanatuluke. Ichi chokha chinali chake. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale za mpunga ndi nsomba ya m'chitini imene anasungira tsikuli.

Wemin analandira mbale yake, anaiyang'ana, kenaka anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Mayi a Salome, tili tokha pano. Poyamba paja munalemba ndani?"

Kauna anamupatsa supuni.

"Idyani, bambo a Salome. Chakudya chikuzizira."